Telala Amene Anasokera Chidole Diresi Lokula Nalo

Dziko la Gulaninso musalifune pa mapu aja opachika m'kalasi, palibe. Koma anthu ake mutakumana nawo panjira mukhoza kuwapatsa moni poyesa ndi achibale anu. Mfumu yake inali Lonjezani Wachinayi. Atatu oyambawo nawonso ankalonjeza, ndiye uyu anangopitiriza ntchito ya makolo.

Tsono mfumuyi inali ndi alamu ake, a Ndadyakale. Amenewa ndiye muwamvetse bwino. M'mawa anali Nduna ya Zidole ndi Chisangalalo cha Ana. Masana akatha kudya ankavula tayi n'kusanduka mwini fakitale ya zidole. Akuti nthawi zina nduna inkalembera mwini fakitale kalata yaukali, masana a Ndadyakale n'kuiwerenga, n'kukhumudwa, n'kuyankha mwaulemu. Pofika mawa lake awiriwo amakhala atagwirizana.

Chaka china mvula itangotha, a Ndadyakale anatulutsa zidole zapulasitiki zotchedwa Ana a Fuko. Kutalika kwake ngati chitsononkho cha chimanga, tsitsi losalala, maso osaphethira. Zinalipo mitundu khumi ndi iwiri: Namwino, Mphunzitsi, Mkwatibwi, Mayi wa Geni, Woyimba Kwaya ndi ena otero. Chilichonse chimabwera m'kabokosi komata, sungadziwe kuti wagula ndani mpaka utatsegula. Mtengo wake? Wa machesi. Anthu anati, eee, koma chaka chino boma latikumbuka.

Panalinso chidole china chosowa kwambiri, dzina lake Nduna Yosaba. Wailesi inati chimapezeka m'bokosi limodzi mwa mabokosi zikwi khumi. Anthu anagula mabokosi mpaka ena kugulitsa mbuzi, koma palibe anachipeza. Musati mwamva kwa ine, koma mayi wina wosesa kufakitale anauza azakhali a mnzanga kuti chikombole chake sichinapangidwe n'komwe, poti amisiri anasowa woonera.

Vuto linali ili. Ukatsegula bokosi, mwana amatuluka ali buno bwamuswe. Namwino ndi Mkwatibwi kusiyana kwawo kunali dzina lolembedwa kuphazi basi.

Sabata isanathe mfumu inaitanitsa nduna zonse. Anakambirana masiku atatu, nkhuku makumi anayi zinafera nkhaniyo, kenako lamulo linatuluka. Mwana wa Fuko asaoneke wamaliseche, chifukwa n'kunyoza chikhalidwe chathu. Wopezeka ndi chidole chosavala akasesa bwalo la mfumu mwezi wathunthu. Wotaya chidole ndiye mlandu wake wa kutaya mwana, musafunsenso.

Mwamwayi, tsiku lomwelo masana, sitolo za a Ndadyakale zinapezeka kuti zili ndi zovala za zidole. Kadiresi kamodzi mtengo wa nkhuku yamoyo. Nsapato yakumanja ndi yakumanzere amagulitsa padera. Panali duku, wigi, kachikwama, ambulera, kafoni kosalira. Mphunzitsi ndiye anali wotchipa kumuveka, nsapato zake zimabwera zakuthaitha kale. Koma ukagwera Mkwatibwi, pepa. Ameneyo amafuna velo, maluwa, keke ndi apongozi.

Pamsika wa Bwerezani, pakhonde la sitolo ya mchere, panali telala wina dzina lake Zelesi. Anali mayi wa ana atatu, wosakonda kuseka pachabe. Mwamuna wake anapita kunja kukafuna ntchito, n'kupezako mkazi m'malo mwake. Chimene chinatsala ndi makina osokera opalasa ndi mapazi, akuda, osiyidwa ndi malemu mayi ake. Makinawo ndiwo anali munda wake, nkhokwe yake ndi mwamuna wake. Makinawo akaleka kulira tsiku limodzi, ana amagona ndi madzi.

Tsiku lina kunabwera aNangondo, ogulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo, atakulunga kanthu m'tsamba la nthochi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunyulula pang'ono.

"Zelesi, mkazi mnzanga, tandibisira manyazi awa. Elube wanga sakudya, akuti Namwino wake akuzizidwa. Ine ndemwe nsapato ndilibe, ndikagulire pulasitiki?"

"Ndiye mwabwera kwa ine kuti tikasese tonse kwa mfumu?"

"Lamulo likuti kavale. Silinanene kuti kavale za ndani."

Zelesi anaganiza, n'kuona kuti ndi zoona. Anatenga tepi, anayeza kachiuno, anafukula m'thumba la zigamba, n'kupalasa makina. Tsono telala aliyense wa ku Gulaninso amadziwa kuti chovala cha mwana susoka chothina. Umasiya nsalu yambiri mkati mwa msoko, kumunsi umapinda kawiri, kuti chikhale chokula nacho. Ukapanda kutero mayi wa mwana amakutukwana mpaka msika wonse kudziwa dzina la agogo ako. Manja a Zelesi anazolowera zimenezo. Sanakumbuke n'komwe kuti akusokera pulasitiki.

ANangondo anatembenuza kadiresiko n'kuseka.

"Iii, malo onsewa mwasiyira chiyani? Kadzatenga mimba kameneka?"

"Mukafuna lothina pitani kwa anduna, mutenge ndi nkhuku."

"Ayi, landirani zitumbuwa ziwiri izi, mwana wa eni ake mwandithandiza."

ANangondo sanauze munthu aliyense, kupatula amayi a kumpingo, a kuchigayo ndi a pamjigo. Pofika Loweruka, pakhonde la Zelesi panali mzere wa amayi, aliyense atafumbata tsamba la nthochi. Msika wonse wa Bwerezani unaveka zidole zake ndi zigamba.

Pa chikondwerero cha zokolola mfumu inalankhula maola anayi. Inalonjeza zambiri, koma mawu amene wailesi inawakonda anali akuti, "Mu ulamuliro wanga, Ana a Fuko adzanenepa!" Wailesi ya mwini sitolo ya mchere inabwereza mawuwo sabata yonse, mpaka mapazi a Zelesi ankapalasa motsata kamvekedwe kake.

Patangopita mwezi, asilikali anayenda khomo ndi khomo kutolera zidole zonse. Anati Ana a Fuko akalewo akupita kusukulu yogonera, ndipo boma, mwa chifundo chake, likupereka atsopano ulere. Ana anavina. Anavina mpaka nthawi yoveka itakwana. Diresi limalowa kumutu bwinobwino, likafika m'chiuno, gwa! Zidole zatsopanozo zinali zonenepa ndi chala chimodzi. Chala chimodzi chokha, anthuni, koma madiresi onse a mtengo wa nkhuku anasanduka zopukutira magalasi.

Wailesi inati chitukuko chafika, umboni wake ndi umenewo.

"Anenepadi ana a fuko," anatero aNangondo akutembenuza zitumbuwa. "Anga okha ndiwo anali kuchimbudzi pamene chitukuko chimadutsa."

Dziko lonse linakafola kusitolo za a Ndadyakale, nkhuku kukhwapa. Kupatula Bwerezani. Amayi a ku Bwerezani anangobwerera pakhonde la Zelesi. Iye amatenga lezala, amamasula msoko, amatambasula nsalu ija anasiya mkati, n'kusokanso. Mwana asanamalize kulira, chidole chavala. Sitolo ya anduna ya pamsikapo inakhala masabata awiri osagulitsa ngakhale kabatani, wogulitsa wake mpaka anayamba kuluka tsitsi kuti nthawi ipite.

Lachitatu lina m'mawa anafika asilikali anayi ndi wilibala. Sanapereke moni. Ananyamula makina, mutu ndi miyendo yake yachitsulo, n'kusiya kalata. Zelesi anaiwerenga kawiri. Mlandu wake unali wa ukazitape: kudziwa chinsinsi cha boma boma lisanachinene. Akapezeka wolakwa, makinawo adzasungunulidwa n'kupanga timapoto ta Ana a Fuko.

Masiku asanu anakhala pakhonde lopanda kanthu. Ankabwera m'mawa ngati kale, n'kukhala pampando wake, poti kunyumba ana amamuyang'ana. Mapazi ake ankangopalasa okha pasimenti.

"Ukakafika ugwade, ulire kwambiri," anamulangiza aNangondo. "Mafumu amakonda misozi."

"Ndilibe misozi yowononga pa anthu amenewa."

"Ndikubwereke anyezi?"

Tsiku la mlandu bwalo linadzaza. Mfumu inakhala pampando wake wautali, nduna m'mbali, anthu wamba pansi. Pakona panali makina a Zelesi, atawamangirira chipepala cholembedwa kuti UMBONI. Zelesi anawayang'ana kamodzi, n'kuona kuti wina wathyola singano.

A Ndadyakale ndiwo anali oimba mlandu, monga nduna. Analinso mboni yoyamba, monga mwini fakitale. Amafunsa funso atavala tayi, n'kuvula tayi, n'kuyankha, n'kuvalanso n'kunena kuti, "Zikomo, mboni, mwafotokoza bwino." Zinatenga ola lathunthu. Kenako anatembenukira kwa Zelesi.

"Mayi iwe. Zoti zidole zinenepa timadziwa anthu awiri okha m'dziko muno, ine nduna ndi ine mwini fakitale. Tonse awiri takana kuti sitinakuuze. Anakuuza ndani?"

"Palibe, bwana. Ndi mmene timasokera. Mwana amakula."

"Mwana! Taonani bodza, mfumu. Ndani wamutu wabwino angasiye nsalu mkati posokera chinthu cha pula..." Apa anakhosomola, poti anakumbuka kuti pamaso pa mfumu si pulasitiki, ndi Ana a Fuko. "Tinene kuti, posokera mwana wamtundu umenewu? Utchule amene anakutuma, apo ayi mawa makinawa ali pamoto."

Zelesi anaona kuti chilungamo pano sichigulika. Anayang'ananso makina aja. Anaganiza za ana ake atatu, ndi za timapoto. Kenako anagwada bwinobwino, n'kuwomba m'manja katatu.

"Ndiulula, mfumu yanga. Amene anandiuza alipo, ali m'bwalo muno."

Nduna zonse zinayang'ana pansi, iliyonse ikukumbukira kumene inali mwezi watha.

"Ndinu, mfumu. Munanena nokha pa wailesi kuti Ana a Fuko adzanenepa. Ndiye ine ndinakonzekera."

Linali bodza, inde, diresi loyamba analisoka mfumu isanalankhule. Koma ku Gulaninso ndani amasunga madeti a malonjezo?

Nduna ina inayamba kuseka, n'kusandutsa msangamsanga kukhala chifuwa. Mfumu inasendera kutsogolo kwa mpando.

"Tabwereza, mayi. Unandimva ine ndikulonjeza."

"Inde, mfumu."

"Ndiye unatani?"

"Ndinakhulupirira, mfumu."

"Unakhulupirira? Mpaka kuchitapo kanthu?"

"Mpaka kusiya nsalu mkati, mfumu."

Mfumu inaitana mlembi wa bwalo kuti afufuze m'mabuku akale ngati zoterezi zinachitikapo. Mlembi anapukuta fumbi, anatembenuza masamba kwa nthawi, n'kunena kuti m'nthawi ya Lonjezani Wachiwiri munthu mmodzi anaganiziridwa kuti wakhulupirira, koma pambuyo pake zinadziwika kuti anali wogontha, amangogwedeza mutu.

Apa mfumu inatulutsa kampango n'kupukuta m'maso. Zaka khumi ndi zisanu ikulonjeza, anthu akuwomba m'manja, amayi akuliza nthungululu, koma wokhulupirira inali isanamuonepo ndi maso. Inamuyang'ana Zelesi ngati munthu woona njovu koyamba.

A Ndadyakale anaona kuti zinthu zikuterera.

"Mfumu, samalani, munthu uyu ndi woopsa. Tangoganizani anthu onse atayamba kukhulupirira zimene mumanena. Chuma cha dziko chingagwe pasanathe sabata."

"Alamu, mukuti chiyani?"

"Ndikuti, ndikuti mayiyu ndi chitsanzo chabwino, mfumu."

Mfumu inaimirira n'kugamula. Zelesi alibe mlandu. Makina abwezedwe lero lomwe. Anthu wamba anayamba kuwomba m'manja, Zelesi anayamba kudzuka, koma mfumu inakweza dzanja. Inali isanamalize. Chifundo chikaigwira mfumu imeneyi sichimaisiya msanga.

Tsono mudziwe kuti pakati pa nyumba ya mfumu ndi msika wa Bwerezani pamadutsa mtsinje wa Dikirani. Anthu amawoloka pa bwato, ndipo mwini bwatolo mukhoza kumulota nokha.

"Mayi ameneyu sakwera bwato ngati anthu osakhulupirira," inatero mfumu. "Awolokera pa mlatho umene ndinalonjeza chaka chatha. Mayi, mlatho umenewo unaukhulupiriranso?"

Zelesi anali atawoloka pa bwato m'mawa womwewo, ndipo maso ali nawo. Koma makina anali adakali pakona.

"Kwambiri, mfumu."

"Alamu, paja wapampando wa komiti ya mlatho munali inu. Unatha?"

"Unatha kalekale, mfumu. Wokongola zedi."

Mwambo wa ku Gulaninso sulola mfumu kuona madzi oyenda, akuti ufumu ungapite nawo. Ndiye mfumu inali isanafikeko kumtsinje chibadwire, zonse imangomva kwa alamu ake.

"Zakoma. Akhale woyamba kuwolokapo, atsegulire ndi iyeyu. Ndipo inu alamu mumuperekeze nokha mpaka tsidya, mumunyamulire miyendo ya makinawo. Wailesi ipite, ndizimvera ndili kuno."

Anapita chigulu, asilikali, oimba malipenga, muulutsi wa pa wailesi ndi anthu onse opanda chochita, omwe ku Gulaninso ndi ambiri. Pagombe anapeza chikwangwani chachikulu cholembedwa kuti MLATHO WA LONJEZANI WACHINAYI, ndi mitengo iwiri yozika pansi. Wina anathamanga kukamangapo riboni yofiira. Kuseri kwa riboniyo kunali madzi. Tsidya lina msika wonse wa Bwerezani unali utaima, aNangondo patsogolo.

Zelesi anatulutsa sizasi yake, anadula riboni, anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba, poti telala sataya nsalu. Anapota nkhata, asilikali awiri anamusenzetsa mutu wa makina. A Ndadyakale anali ataima ndi suti yawo yotuwa, miyendo yachitsulo ili paphewa, thukuta kamukamu.

"Mayi, tsogolani."

"Ayi bwana, mlatho ndi wanu. Mukuudziwa ndinu pamene wayambira."

A Ndadyakale anayang'ana muulutsi, muulutsi anayang'ana kumwamba. Malipenga analira. Anduna analowa m'madzi ndi nsapato zomwe.

"Akwera tsopano pa mlatho," anatero muulutsi. "Akuyenda mwaulemu, pang'onopang'ono, akusirira mamangidwe."

Madzi anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Zelesi amayenda chowongoka, khosi gwa, phazi lililonse likufufuza mwala lisanaponde. Mutu wa makina ndi wolemera, ndipo ukanyowa mkati ndiye dzimbiri, basi kwatha. Pakati pa mtsinje anduna anatembenuka n'kulankhula chapansipansi, kuti wailesi isamve.

"Usadzimve, mayi iwe. Chaka chamawa zidole ziwonda."

"Kuchepetsa diresi n'kosavuta kuposa kukulitsa, bwana. Yang'anani kutsogolo, pamenepo pamakhala dzenje."

Zelesi sanamalize n'komwe kulankhula. Anduna anaterereka, n'kumira mpaka m'khosi, miyendo ya makina n'kupendekeka kufuna kupita ndi madzi. Tsidya lonse linakuwa. Zelesi sakanatha kuwerama, sakanatha kutambasula dzanja. Anangoima chilili, madzi akumukankha, n'kunena mofatsa:

"Bwana, miyendo imeneyo ikamira, ndibwerera kwa mfumu kukanena kuti mlatho uli ndi chibowo. Mwina afuna kutumiza munthu wodzauona."

Anthu amene analipo akuti sanaonepo nduna ikugwira ntchito ngati tsiku limenelo. A Ndadyakale anamwa madzi, analavula, anakweza chitsulocho pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri, n'kuyenda chotero, tayi ikuyandama kutsogolo ngati kansomba kowatsogolera.

"Anduna aima pang'ono kuyendera nsanamira za pansi," anatero muulutsi. "Akuoneka okhutira."

Anatuluka tsidya. Amayi anayi anathamanga kukamutula Zelesi. Iye sanayang'ane munthu. Anagwada pamchenga, anapukuta makina ndi duku lake, anazunguza gudumu ndi dzanja, n'kutchera khutu. Makina analira bwinobwino, tiki tiki tiki, ouma ngati mmene mayi ake anawasiyira. Anduna anatula miyendo ija pambali pake, nsapato imodzi palibe, n'kukhala pansi, akudikira bwato lawo lomwe.

Muulutsi anali atawoloka pa bwato. Anafika n'kumuloza Zelesi ndi cholankhulira, koma aNangondo anamutsogolera kufunsa, mokweza kuti ndi mfumu yomwe imve.

"Tatiuza, mkazi mnzanga, ife osakhulupirirafe. Mlatho uli bwanji?"

Zelesi anafinya chitenje chake, madzi n'kuchucha pamchenga.

"Ndi wotakasuka," anatero. "Ukhoza kuwolokera pena paliponse."